Amene Amachezera ndi Njovu Usiku

Zaka zingapo zapitazo, m'mwezi wa Malichi, chimanga chitayamba kukhwima ndipo ana atayamba kuotcha mondokwa, ndidagona usiku umodzi m'chilindo cha mkulu wina amene munda wake udachita malire ndi nkhalango ina yotetezedwa ya m'dziko lathu lino. Ndipo ngakhale ndati ndidagona, kunena zoona panalibe amene adaona tulo, pakuti kuyambira pamene nkhuku zidalowa m'khola kufikira kulira kwa tambala woyamba, ntchito yathu inali kusonkhezera moto wa ndowe zosanganiza ndi tsabola, kutchera khutu kunkhalango, ndi kumenya mgolo wakale nthawi iliyonse imene nthambi idathyoka mumdima. Utsi wa tsabola unkaluma m'maso ndi kukanda pakhosi, udzudzu nawo osatipatsa mpata. Njovu sizidadzere kwathu usiku umenewo. Zidatulukira chakumunsi, pamene waya anali atagwa, n'kulowa m'munda wa mayi wina wamasiye amene analibe womulondera. Ndipo kutacha tidampeza ataimirira pakati pa mapesi opondekapondeka, akutolera m'lichero tizimanga timene tidapulumuka. Sadalire, sadatukwane munthu. Adangoyang'ana mkulu uja nati, "Achimwene, nyama za boma zakhuta; nanga ine anawa ndiwapatsa chiyani?" Dzuwa litakwera, pa msewu wafumbi wa kuseri kwa mudziwo padadutsa galimoto yopanda denga, yodzaza alendo a zipewa zazikulu, makamera ali pakhosi, onse akumwetulira, ndipo sindikayika konse kuti njovu zimene adazijambula m'mawa umenewo zikumwa madzi padambo ndi zomwe zija zidachezera m'munda wa mayiyo.

Alendowo ndilibe nawo mlandu, pakuti adalipira pachipata monga mwa lamulo, ndipo za usikuwo sankadziwapo kanthu. Chimene chandikhala pamtima kufikira lero ndi mawu aja akuti nyama za boma, amene aliyense woyenda m'midzi yozungulira nkhalango zathu adawamvapo, kaya ndi ku Chikwawa, ku Machinga, ku Kasungu kapena ku Rumphi. Munthu akamati njovu ya kuseri kwa nkhokwe yake ndi ya boma, ndiye kuti akutiuza kuti iye alibe gawo pa iyo, kuti phindu lake likupita kwina pamene goli lake lili pakhosi pa iyeyo. Ndipo ine ndikuti, ngakhale timange nyumba zogona alendo zokongola chotani, ngakhale tiitane ndege zochokera ku London ndi ku Johannesburg zichuluke bwanji, ntchito yokopa alendo m'malo otetezedwa siidzakhalitsa kufikira tsiku limene mawu amenewa adzathe okha pakamwa pa anthu, popanda wowaletsa.

Ndisanapite patali ndiyenera kupereka ulemu kumene ukuyenera, chifukwa m'zaka zapitazi taona ndi maso athu chinthu chimene ambiri a ife tinkachiyesa chosatheka. Nkhalango ya Majete, imene idapatulidwa m'chaka cha 1955 m'mbali mwa Shire pafupi ndi mathithi a Kapichira, inali itasanduka bwinja pofika m'zaka za m'ma 1990: chipembere chinali chitatha kalekale, njovu zinali zitaphedwa mpaka yotsiriza, mitengo inkagwa tsiku ndi tsiku kupita kumauvuni a makala, ndipo panalibe mlendo amene akadataya ndalama yake kukaona tchire lopanda kanthu. M'chaka cha 2003 boma lidapangana ndi bungwe la African Parks kuti liyendetse nkhalangoyo kwa zaka 25. Ndipo monga zidatulukira zamoyo m'chingalawa madzi ataphwa, nyama zidayamba kubwerera mtundu ndi mtundu, zipembere chaka chomwecho, njovu mu 2006, akambuku mu 2011, mikango mu 2012, anyamalikiti mu 2018, kotero kuti lero munthu angathe kuona njovu, chipembere, njati, mkango ndi kambuku m'nkhalango imene kale munkangolira nkhwangwa. Mu 2015 bungwe lomwelo lidalandiranso Liwonde ndi Nkhotakota. Ku Liwonde adazula misampha ya waya yoposa 30,000. Ku Nkhotakota, kumene njovu zinali zitatsika kuchoka pa 1,500 kufika pochepera 100, adasamutsirako njovu pafupifupi 500 za ku Liwonde ndi ku Majete m'zaka za 2016 ndi 2017. Amene angakane kuti iyi ndi ntchito yaikulu ndiye kuti sadaone m'mene malowa analili.

Tsono poona zimenezi, atsogoleri athu adaika zokopa alendo pamodzi ndi ulimi ndi migodi, monga mafuwa atatu amene mphika wa chuma cha dziko uyenera kukhalapo. Ndipo mkulu aliyense akaima kulankhula za nkhaniyi, muyeso wake umakhala umodzi, wakuti alendo adalowa angati ndipo adasiya madola angati. Madola sindiwanyoza, pakuti dziko limene limagona pamzere wa mafuta ndi kusowa mankhwala m'zipatala chifukwa cha kuchepa kwa ndalama zakunja silingayerekeze kuwanyoza. Komatu akale adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo chaka cha 2020 chidatsimikizira mwambi umenewu mowawa. Mliri wa Covid-19 utagwa, ndege zidaleka kutera ku Lilongwe ndi ku Chileka, maloji adatseka zitseko, ophika, operekeza alendo ndi osema ziboliboli adabwerera kumudzi chimanjamanja; koma njovu siidaleke kudya makilogalamu ake oposa 100 tsiku lililonse, mpanda udafunabe wokonza, agemu adafunabe malipiro. Mame atakamuka, amene adatsala maso ndi maso ndi nkhalango ndi yemwe uja wa m'chilindo, ndipo akadatsimikiza mtima kuti atchere makhwekhwe, iye ndi anansi ake onse, panalibe mfuti za agemu zimene zikadakwanira kuwaletsa. Pambuyo pake padadza kolera, padadzanso namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo nthawi iliyonse alendo adayamba ndiwo kusowa.

Kuti timvetse kuwawa kwa mawu a mayi uja, tiyenera kukumbukira kuti nkhalango zimenezi sizidagwe kuchokera kumwamba zili zopanda anthu. Kumene lero kuli paki ya Kasungu kunali midzi, minda ndi manda, kufikira boma la atsamunda lidasamutsako anthu m'zaka za m'ma 1920 chifukwa cha nthenda ya kaodzera, ndipo dzikolo lidatsala m'manja mwa nyama. Ndipo pamene paki ya Nyika, imene idakhazikitsidwa mu 1965, idakulitsidwa mu 1978, mabanja ambiri adachotsedwa m'zigwa zimene makolo awo adalimamo ndi kukaikidwa kumalo achilendo. Alipo akali moyo amene angakulozereni phiri limene pagona agogo awo, kumene iwo sangafike popanda chilolezo, pamene munthu wochokera kutsidya kwa nyanja zazikulu amafikako pagalimoto. Nkhani ya munda wamphesa wa Naboti timaimva m'tchalitchi, ndipo palibe Mmalawi amene amafuna womasulira kuti amvetse chifukwa chimene munthu uja adakanira kupereka cholowa cha makolo ake ngakhale kwa mfumu. Sindikunena kuti mapaki aphwasulidwe. Kutalitali, pakuti mitsinje yambiri ya kumpoto imabadwira pa Nyika, ndipo tsiku limene phirilo lidzalimidwa ndi tsiku limene madimba a kumunsi adzauma. Chimene ndikunena n'chakuti amene adapereka nthaka ndiye adayamba kuikapo chuma chake pa malonda amenewa, asanadze wa loji ndi njerwa zake, asanadze wothandiza ndi madola ake. Ndipo munthu wotere si wopemphetsa woti tizimponyera nyenyeswa zakugwa pagome, koma mwini gawo, woyenera kukhala pamphasa pamene phindu likugawidwa.

Zimene zidachitika ku Kasungu ziyenera kulembedwa pamtima pa aliyense wogwira ntchito imeneyi. M'mwezi wa Julayi 2022 njovu 263 zidasamutsidwa kuchoka ku Liwonde, kumene zinali zitachuluka koposa msipu, kupita ku Kasungu, kumene opha nyama adazisiya zowerengeka. Cholinga chinali chabwino, chakuti Liwonde apume ndi kuti Kasungu adzuke, alendo ayambenso kupitako. Koma njovu zidafika mpanda usanathe; ndipo pasanapite nthawi tidayamba kumva za anthu ophedwa, za nkhokwe zophwasulidwa ndi za minda yotheratu, mbali ya Malawi ndi mbali ya Zambia yomwe, kumene kuli abale athu a chinenero chimodzi ndi ife, mpaka ena mwa anthuwo adakafuna maloya ku Britain kuti awalankhulire. Oimbidwa mlandu pa kusamutsa njovuzo adaukana, ndipo kuweruza si kwanga. Changa n'chakuti pali dongosolo limene zinthu zotere ziyenera kutsata, ndipo mlimi aliyense amalidziwa, chifukwa palibe amene amagula ng'ombe khola asanamange: anthu afunsidwe kaye, mpanda uthe, njira yolipirira zoonongeka ikhazikike, ndipo pamenepo nyama zibwere. Amati walira mvula walira matope, ndipo n'zoona. Koma chimene chimapweteka pa nkhani ya njovu n'chakuti olira mvula ndi ena, oponda matope ndi enanso.

Apa ndi pamene pali bala limene malamulo athu sadalimange. Lamulo la mapaki ndi nyama zakutchire la 1992, litakonzedwanso mu 2017, lidaika chilango chofika zaka 30 m'ndende kwa wopha kapena wogulitsa nyama zotetezedwa koposa, monga njovu ndi chipembere; ndipo ndikuvomera ndi mtima wonse kuti lidathandiza kufooketsa akamberembere a minyanga amene adasandutsa dziko lathu njira yawo yozembetsera katundu. Koma lamulo limene lili ndi mano akuthwa chotero munthu akapha njovu limakhala duu njovu ikapha munthu kapena ikamaliza munda. Palibe chipukuta misozi chimene mwini munda angachiitanitse monga ufulu wake. Chimene chimabwera, chikabwera, ndi chipepeso cha pamaliro, chodalira chifundo cha akuluakulu. Ku Kenya lamulo lawo la 2013 lidalemba poyera kuti banja la munthu wophedwa ndi nyama yakutchire lilandire mashilingi 5 miliyoni. N'zoona kuti kulipirako kumachedwa, ena amadikira zaka, komabe wamasiye wa kumeneko ali ndi mawu a lamulo oti angaime nawo pabwalo, pamene wa kuno ali ndi misozi yokha. Malembo amadana ndi munthu wosunga miyeso iwiri m'thumba limodzi, waukulu wogulira ndi waung'ono wogulitsira, ndipo ife tiyenera kudzifunsa ngati sitikuchita chomwecho.

Sindikuona chovuta chosagonjetseka pamenepa. Pa ndalama iliyonse yolowa pachipata, ndi pa usiku uliwonse umene mlendo wagona m'loji ya m'kati kapena m'mphepete mwa paki, pachotsedwe kagawo kolowa m'thumba lapadera losakhudzidwa ndi ntchito ina iliyonse. Munda ukadyedwa, nyakwawa, mlangizi wa zaulimi ndi gemu mmodzi apite pamodzi mapazi a njovu asanafufutike, ayeze malowo, alembe matumba amene akadatulukapo, ndipo mwini munda alandire chimanga kapena mtengo wake njala ya Januwale isanamupeze. Adzati anthu adzanama, adzati ena adzalimira dala pafupi ndi waya kuti alandire zaulere. Angapezeke otero mmodzi kapena awiri, pakuti anthu ndi anthu. Koma ndowe za njovu ndi mapesi othyoka sizibisika, m'mudzi mulibe amene sadziwa kukula kwa munda wa mnzake, ndipo kulanga anthu mazana osalakwa chifukwa choopa wabodza mmodzi si nzeru, si chilungamonso.

Ndikudziwa kuti ena adzandikumbutsa kuti midzi imalandira kale zambiri: mijigo, midadada ya sukulu, fizi ya ana ochita bwino m'kalasi, ming'oma ya njuchi, ndi masiku ololedwa kulowa m'nkhalango kukamweta udzu, kudula nsungwi ndi bango kapena kuzula bowa. Zonsezi zilipo m'malo ambiri, ndipo sindizichepetsa. Amene adaona mwana wa m'mbali mwa waya akumaliza sekondale ndi ndalama za paki sangazinyoze. Koma mjigo umamwetsa mudzi wonse, wa munda wa kutali ndi wa munda wa pafupi chimodzimodzi, pamene njovu imadya munda wa munthu mmodzi wokhala ndi dzina lake ndi ana ake. Ndipo munthu ameneyo sangaphike mjigo. Ndiponso ndalama zodzera m'makomiti zimayenda mumdima. Imani pachitsime m'mudzi uliwonse wa m'malire, mufunse amayi kuti chaka chatha pachipata padalowa zingati, ndi kuti gawo la midzi linali zingati, mudzaona akuyang'anana. Chikuletsa n'chiyani kuti mawerengero amenewa azimatidwa pakhoma la sukulu ndi kuwerengedwa pabwalo la mfumu kamodzi pachaka, m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chisena kapena m'Chitumbuka monga mwa chinenero cha eni dera? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wa m'mabuku a ku Lilongwe munthu samufwenkha.

Nzeru yogawana ndi eni nthaka si yachilendo kuno kwathu. M'chaka cha 1950, m'chigwa cha Luangwa kwa anansi athu a ku Zambia, Norman Carr adagwirizana ndi Mfumu Nsefu ya Akunda kuti gawo lina la dziko la mfumuyo lipatulidwe likhale la nyama, ndi kuti ndalama za alendo odzaona nyamazo zizibwerera kwa eni dzikolo. Ndipo ku Namibia, kuyambira 1996, lamulo lidalola midzi kudzisonkhanitsa ndi kukhala eni ake a phindu la nyama za m'dera lawo, kotero kuti wofuna kumanga loji amapangana ndi mudzi ndi kuulipira. Kumeneko nako mikangano siisowa, koma munthu amakangana monga mwini. Kuno kwathu tingayambire ngakhale pa zazing'ono. N'chifukwa chiyani galimoto ya loji iziyenda ulendo wa theka la tsiku kukagula tomato, mazira ndi nkhuku mumzinda, pamene kunja kwa chipata kuli madimba ndi makola amene, atapatsidwa pangano lokhazikika ndi kuuzidwa zimene khitchini ikufuna, angathe kudzaza madengu sabata iliyonse? Ndipo mwana wa m'mudzi asathere pa kusesa pabwalo ndi kulondera usiku. Aphunzitsidwe kufikira atakhala woperekeza alendo wa ziphaso zake, wosunga mabuku, ngakhale woyang'anira loji yonse.

Palinso mbali ina imene ofuna kuchulukitsa alendo samakonda kuimva, yakuti malo nawo amatopa. Ndikanena izi maganizo anga amapita ku Chembe, kumene alendo amakutcha Cape Maclear. Paki ya Nyanja ya Malawi idakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidailemba m'kaundula wa malo a mtengo wapatali padziko lonse, makamaka chifukwa cha nsomba za mbuna, tinsomba tamawangamawanga timene mitundu yake mazanamazana siipezeka kwina kulikonse pansi pa thambo, ndipo mtundu wina umangokhala pamiyala ya chilumba chimodzi basi. Ndidakwerapo boti kupita ku chilumba cha Thumbi. Mnyamata woyendetsa adazimitsa injini, adaimba mluzu wautali, naponya kansomba pamadzi. Ndipo nkhwazi idachoka pamtengo, mapiko ali tambasu, n'kudzakatola ndi zikhadabo pafupi ndi ife, madzi n'kutithira kumaso. Kenaka adanyenya buledi m'dzanja lake n'kuliviika m'madzi, ndipo mbuna zabuluu, zachikasu ndi zamizeremizere zidalizinga ngati njuchi. Ndidakondwa ngati mwana, ndipo mnyamatayo adalandira malipiro ake moyenera. Koma mbuna zambiri zidalengedwa kuti zizidya ndere za pamiyala. Boti likakhala limodzi palibe kanthu, nanga akakhala makumi angapo tsiku ndi tsiku, chaka ndi chaka? Pobwerera kugombe ndidaona zimene mlendo wosangalala saziona msanga: nyumba ndi maloji zothithikana pamchenga, zimbudzi zokumbidwa pafupi ndi madzi amene ana akusambamo, majumbo ndi mabotolo m'makwalala, ndi amayi akutsika m'phiri atasenza mitolo ya nkhuni zophikira ndi zowambira nsomba. Mitengo ikatha m'phiri, dothi limatsika ndi mvula n'kukwirira miyala imene mbuna zimadyapo, ndipo chimene alendo adadzera chimatha ndi mapazi a alendo omwewo.

Msodzi wa ku Chembe amaletsedwa kuponya ukonde m'madzi a mamita 100 kuchokera kugombe la paki ndi la zilumba zake, ndipo lamulolo ndi labwino, chifukwa ndi mmenemo mmene mbuna zimaswana. Koma ngati msodzi, amene makolo ake adapalasa bwato pamenepo alendo asanadze, tikumuuza kuti apa ndi malire, tiyenera kukhala ndi mtima womwewo pouza wa chuma amene akufuna kuonjezera zipinda, maboti ndi zoimbira za usiku wonse. Ku Rwanda, wofuna kukaona anyani akuluakulu a m'mapiri aja amawatcha gorilla amalipira madola 1,500, gulu limodzi la anyaniwo limaonedwa ndi anthu osapitirira 8 patsiku, kwa ola limodzi lokha, ndipo magawo 10 pa 100 aliwonse a ndalama za mapaki amapita kumidzi yozungulira. Sindikupempha kuti titengere mitengo yawo, imene ingatsekere kunja Mmalawi aliyense. Ndikupempha kuti titengere kulimba mtima kwawo, kwakuti chiwerengero cha mabedi, maboti ndi magalimoto chizichokera pa zimene malowo angasenze, osati pa kuchuluka kwa ofuna kumanga. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Phiri la Mulanje latiphunzitsa kale zomwezi. Aliyense amene adafikapo pa Likhubula amakumbukira fungo lokoma la timabokosi ndi ndodo zosemedwa ndi mkungudza, mtengo umene udalengezedwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, ndi umene kwawo kwenikweni ndi paphiri lokhalo. Pamene akatswiri adakawerenga mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Yambiri idapita ndi ocheka matabwa ndi moto wolusa, n'zoona, koma kabokosi kalikonse kamene kadakwera ndege kadachotsako kanthu. Tsopano, kuyambira Julayi 2025, phirilo nalo lalowa m'kaundula wa UNESCO, ndipo okwera Sapitwa, nsonga ija ya mamita 3,002, adzachuluka ndithu. Ndikadakonda kuti mlendo wotsika phirilo azisiya ndalama m'manja mwa amayi ndi anyamata amene akufesa ndi kuwokera mbande za mkungudza, ndi kuti onyamula katundu ndi olondolera njira, amene amadziwa kanjira kalikonse ka phirilo koposa wina aliyense, apatsidwe mawu ndi malipiro monga alonda ake enieni.

Mlendo mmodzi amene timamuiwala ndi wa kwathu konkuno. Ana ambiri a m'mbali mwa waya njovu amaidziwa monga mdani wa usiku, mthunzi wakuda wothyola mapesi ndi kuliza amayi awo; sadaionepo masana ikusambitsa mwana wake pamtsinje, ikumukankha pang'onopang'ono ndi chitamba kuti akwere gombe. Mapaki ena amatenga ana a sukulu kukawaonetsa zimenezi, ndipo pa ntchito zonse zimene amachita m'midzi, ine ndimaiyesa iyi yaikulu koposa, yoyenera kufika kwa mwana aliyense wa m'malire asanalembe mayeso a Sitandade 8. Akuluakulu nawonso alipo ofuna kupita: amayi a mvano, makwaya, aphunzitsi, magulu a banki m'khonde amene akagawana ndalama kumapeto kwa chaka amachita hayala minibasi kupita ku Salima kapena ku Mangochi. Pachipata Mmalawi amalipira zochepa, ndipo tikuthokoza. Chimene chimamubweza ndi kusowa kwa galimoto yoyendera m'kati mwa paki, ndi malo ogona amene mtengo wake umawerengedwa m'madola. Paki iliyonse ikadakhala ndi basi yakeyake yonyamula anthu pachipata Loweruka ndi Lamulungu, ndi msasa waukhondo woyendetsedwa ndi mudzi pa mtengo wa makwacha, tikadakhala ndi alendo amene sathawa ndege zikaima.

Pangano la Majete la mu 2003 linali la zaka 25, ndiye kuti chaka cha 2028 chili pakhomo. La Liwonde ndi Nkhotakota ndi la zaka 20 kuchokera mu 2015, ndipo mu 2023 boma lidapangananso ndi bungwe la Peace Parks Foundation za kuyendetsa pamodzi Nyika ndi Vwaza. Ine ndi mmodzi wa ofuna kuti ntchito imeneyi ipitirire, chifukwa ndidaona bwinja ndipo ndaona nkhalango yodzaza nyama. Koma pangano loyamba lija linali la awiri, boma ndi bungwe. Pamene akuluakulu adzakhale pansi kulemba lina, ndikupempha mwaulemu kuti paikidwe mpando wachitatu, wa mafumu monga Kasisi ndi Chapananga pamodzi ndi anthu amene midzi idzasankhe yokha, amayi ali momwemo. Ndipo asaitanidwe kudzavina ndi kuomba m'manja pa tsiku losainira, koma miyezi ingapo inki isanagwe papepala, kuti adzaone mutu ndi mutu: mabedi a alendo adzakhala angati, gawo la midzi ndi lotani ndipo lidzadzera m'manja mwa yani, waya akagwa adzakonzedwa m'masiku angati, munda ukadyedwa mwini wake adzalandira liti. Pepalalo lilembedwe m'chinenero cha anthu, kuti mayi wonga uja wa lichero adzathe kulimva likamawerengedwa pabwalo, ndi kuimika dzanja kufunsa pamene sadamvetse.